Mwana wa Mlangizi

Ku chigwa cha Nkhamanga, mukapitirira Bolero pang'ono n'kupatukira kumanja, pali mudzi wa a Luhanga. Nyumba yachitatu, ya njerwa zootcha ndi malata adzimbiri, ndi ya Christina NyaHarawa. Dzina loti Christina linatsalira m'kaundula wa kutchalitchi. Kwa anthu onse iye ndi NyaHarawa basi, monga mkazi aliyense kuno amatchulidwa ndi mfunda wa bambo ake. Ndi mayi wamfupi, wochepa thupi, woyenda mofulumira ngati nthawi zonse belu lachiwiri lalira kale.

Anabadwira ku Khondowe, kumene bambo ake ankachapa nsalu za m'chipatala cha mishoni. Sukulu analekeza Fomu 2, kenaka anakwatiwa ndi Elliot Luhanga, mphunzitsi wa pulaimale. Unali ukwati wa m'tchalitchi, ndipo ng'ombe zinayi zinapita kwa a Harawa. Anabereka ana awiri, Vitumbiko ndi Mtende. Elliot anamwalira Mtende ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. NyaHarawa sanabwerere kwawo. Kuno ana ndi akuchimuna, ndipo mayi wofuna kulera ana ake amakhala pomwe pali anawo.

Pa ubatizo wa ana onse awiri, iye ndi mwamuna wake anaima kutsogolo n'kulonjeza kuti adzawalera m'chikhristu mpaka adzavomereze okha ndi pakamwa pawo. Elliot atapita, lonjezo la anthu awiri linatsala pamutu pa mmodzi, ndipo iye analisenza osadandaula. M'mawa uliwonse, khasu lisanagwiridwe, ankaimba nyimbo imodzi, kuwerenga ndime imodzi, n'kupemphera. Mwana sankamwa tiyi asananene pamtima vesi la dzulo. Vitumbiko anakula, analandiridwa ku mgonero, ndipo lero amasoka zovala ku Mzuzu. Theka la lonjezo linali litakwaniritsidwa. Theka lina linali Mtende.

M'zaka zimenezo amayi a Umanyano, bungwe la amayi a mu mpingo, anamusankha NyaHarawa kukhala mlangizi. Ntchitoyi inamuyenera. Mayi wofatsa uja, akatsekeredwa m'chipinda ndi atsikana a eni, ankalankhula mosapsatira. Chinthu ankachitchula ndi dzina lake. Ankawauza za thupi lawo, za mawu amene mwamuna amayamba nawo, za mphatso imene imabwera poyamba ndi chimene chimafunidwa pambuyo pake. Atsikana ankatuluka m'chipindamo akuseka mwamanyazi, koma ankabweranso okha, mmodzimmodzi, ndi mafunso awo. Amayi a m'midzi itatu ankati mwana amene wadutsa m'manja mwa NyaHarawa sapusitsidwa ndi sopo.

Koma mayi salangiza mwana wobala yekha. Zimenezi sizinalembedwe m'buku lililonse la mpingo, komabe aliyense amazidziwa. Mawu amene amamveka bwino kwa mwana wa mnzako, kwa mwana wako ndi zolaula. Choncho atsikana akabwera, NyaHarawa ankatuma Mtende kumjigo kapena kuchigayo, ndipo ankadikira kuti aone ndowa yazimirira kuseri kwa chigafa cha fodya asanatseke chitseko.

Mwambo unakonza kale munthu wolankhula ndi mwana wamkazi. Ndi ankhazi, mlongo wa bambo ake. Ankhazi a Mtende anali Lena NyaLuhanga, mayi wamtali, wa mawu aakulu, amene ukwati unamukanika kawiri ndipo anabwerera kwawo n'kumaphika mowa wa masese kutsidya kwa dambo. Kutchalitchi ankapita pa maliro pokha.

Mtende atatha msinkhu, ali ndi zaka khumi ndi zitatu, Lena anabwera atanyamula nkhuku ndi chitenje chatsopano. Anakhala pakhonde n'kutambasula miyendo.

"Mlamu, ndamva kuti mwana wa mchimwene wanga wakula. Ndabwera kudzamutenga, akagone kwanga masiku atatu."

NyaHarawa anayang'ana nkhuku, anayang'ana mikono ya Lena yomwe inali ndi gaga wa chimera, ndipo mtima wake unakana. Anaona mwana wake atakhala pakati pa migolo ya mowa, amuna oledzera akumuyang'ana.

"Yewo chomene, alamu, ndathokoza. Koma mwanayu ali ndi alangizi a kumpingo. Abwera Loweruka."

"A kumpingo akamuuza za kumwamba. Nanga za pansi pano amuuza ndani?"

"Amuuza zonse."

Lena anaseka, anaimirira, n'kunyamula nkhuku yake. Chitenje anachisiya. "Chabwino. Mwana ndi wa a Luhanga, koma m'nyumba ndi mwanu. Sindidzabweranso ndi nkhani imeneyi."

Loweruka amayi atatu a Umanyano anabweradi, atavala zoyera ndi zakuda. NyaHarawa anawasiyira nyumba n'kupita kudimba. Atabwerera, ola lisanakwane, anawapeza akumwa tiyi pakhonde. Anamuuza kuti anawerenga naye mawu, anamuuza za ukhondo ndi ulemu, anapemphera. "Zambiri tikanamuuza chiyani?" anatero wamkulu wawo. "Mwana wa mlangizi ameneyu. Akhoza kutiphunzitsa ndi iyeyo." Onse anaseka, ndipo NyaHarawa anaseka nawo. Iwo ankaganiza kuti mwanayo amamva zonse kunyumba. Iye ankaganiza kuti iwo anena zonse. Panatha zaka zisanu palibe amene anafunsa mnzake.

Mtende anakula bwino, wamtali ngati akuchimuna, wosalankhulalankhula. Chaka chimene anakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anali Fomu 3 pa sekondale yoyendera, ulendo wa ola lathunthu wapansi. Analinso m'chaka chomaliza cha kalasi ya kutchalitchi. Mu Julayi akulu a mpingo amayenera kumufunsa mafunso, ndipo akakhoza, adye mgonero wake woyamba. NyaHarawa anali atagula kale nsalu yoyera ya bulauzi ya tsikulo. Ankati likadzafika tsiku limenelo adzapita kumanda a Elliot kukamuuza kuti ntchito ija yatha.

Tsiku lina mu Meyi, fodya ali pamsika, Mtende anawerama kuti atole nkhuni, siketi inakwera pang'ono, ndipo mayi ake anaona bala pa katumba wa mwendo wa kumanja. Linali bala lamoto, lozungulira, kukula ngati dzira la nkhuku.

"Wapsa ndi chiyani?"

"Chikuni, amama."

NyaHarawa analiyang'anitsitsa balalo. Chikuni sichiotcha mozungulira choncho. Bala limenelo analiona pa miyendo ya atsikana ambiri m'chipinda chake cholangizira. Limabwera mtsikana wosazolowera akamatsika njinga yamoto, mwendo n'kukhudza paipi yotulutsa utsi. Iye anali asanamupatsepo Mtende ndalama ya kabaza. Ndipo tsopano anakumbukira kuti kwa masabata angapo mwanayo ankafika kuchokera kusukulu fumbi lili m'tsitsi, koma nsapato zili zoyera.

Akanakhala mwana wa mnzake, NyaHarawa akanatseka chitseko n'kufunsa funso limodzi lokha: njingayo ndi ya ndani? Anayesa. Madzulo ena akutongola chimanga awiriwiri, anatsegula pakamwa, nati, "Mtende." Mwana anadzutsa mutu. Anali ndi maso a Elliot. Mayi anabweza maso ku chimanga. "Chitsononkho icho usataye, tikolezera moto," anatero.

Ndiye anatembenukira ku chimene ankachidziwa. Pa mapemphero a m'mawa anayamba kusankha ndime zonena za mayesero, za msampha, za milomo yotsekemera. Ankawerenga pang'onopang'ono, akumuyang'ana mwanayo m'mphepete mwa diso. Mtende ankamvetsera atapinda manja, ndipo mayi akaima kuti apume, iye ankamalizitsa vesilo pamtima, osaphonya liwu. Mavesi onsewo anawaloweza kalekale. Ankatsetsereka pa iye ngati madzi pa tsamba la nthochi.

Kwa anzake a Umanyano sanapite. Ankadziwa njira imene nkhani imayenda: lero kwa mlangizi mnzake, mawa kwa mkazi wa mkulu wa mpingo, mkuja ku seshoni, bwalo la akulu a mpingo, ndipo dzina la Mtende likanachotsedwa m'kalasi. Anadziuza kuti akuteteza mwana. Pansi pa mtima ankadziwanso kuti akuopa kumva anthu akuti, onani wa mlangizi uja. Anaimbira foni Vitumbiko, nazungulirazungulira, mpaka mnyamatayo anamva. "Amama, zimenezo ndi za azimayi," anatero. "Bwanji osauza ankhazi?"

Meyi anatha. Juni anafika pakati. Bala linapola n'kusiya chipsera chakuda. Pamenepo m'pamene NyaHarawa anamanga mpango kumutu n'kuoloka dambo.

Anapeza Lena akuyanika chimera pamphasa. M'zaka zisanu zija ankapatsana moni pa maliro ndi kuchigayo, koma aka kanali koyamba kuti NyaHarawa aponde pabwalopo.

"Kodi Umanyano wayamba kugula masese?" anatero Lena osadzuka. "Lero kulibe, mubwere Lachisanu."

"Alamu, ndabwera ndi nkhani ya mwana wanu."

"Ndili ndi mwana ine?"

NyaHarawa anakhala pansi, pafumbi, osadikira mpando. Lena anamuyang'ana kanthawi, kenaka analowa m'nyumba n'kutulutsa kampando.

"Khalani apa, mungadetse chitenje anthu n'kumati ndakumenyani. Nkhani yake ndi ya Raphael?"

"Raphael ndi ndani?"

"Simukumudziwa n'komwe? Venda wa fodya uja, wa njinga yofiira. Amagula masamba kwa alimi kuno n'kukagulitsa pa dzina lake. Kwawo ndi chakumtunda, njira ya ku Thazima. Ali ndi mkazi ndi ana atatu. Amamudikira mwanayo pa mlatho waung'ono, kuyambira mu Febuluwale."

"Febuluwale," anatero NyaHarawa. Mawu ake anatuluka ang'onoang'ono. "Inu mumadziwa?"

"Pabwalo pano palibe chimene sichinenedwa. Munthu akamwa chipanda chachiwiri amaulula ndi za agogo ake."

"Bwanji simunandiuze?"

"Munati mwana ali ndi alangizi." Lena anatembenuza chimera ndi dzanja. "Ndinabwera ndi nkhuku, mlamu. Munandiyang'ana ngati ndaponda zonyansa."

"Ndinalakwa."

Lena ankayembekezera mkangano, osati liwu limodzilo. Anapukusa mutu. "Mum'tume mawa adzatenge nyemba. Ndiyesa. Koma dongo amaumba lili lofewa."

Mtende anapita, nabwerera ndi nyemba dzuwa lisanapendeke. Tsiku lotsatira Lena anakumana ndi mlamu wake panjira ya kumjigo.

"Ndalankhula mpaka kukhosi kuuma," anatero. "Ndamuuza za mitala, ine amene ndinakhalamo. Ndamuuza kuti mkazi wachiwiri amalowa m'nyumba ya eni ngati mbuzi ya ngongole. Iye wagwada bwinobwino, manja pamaondo, n'kumangoti yewo ankhazi, yewo ankhazi. Ulemu munamuphunzitsa, sindikana. Koma ine kwa iye ndine mayi wa mowa wa kutsidya. Munthu sungam'tsegulire mtima lero, pamene zaka zisanu wakhala ukuuzidwa kuti usadutse pakhomo pake."

Lachinayi la sabata yoyamba ya Julayi, akulu a mpingo anafunsa ana a kalasi. NyaHarawa anadikira panja pamodzi ndi makolo ena, pansi pa mtengo wa bulugamu. Mkulu wina, a Gordon Chavula, anatuluka akumwetulira n'kumugwira dzanja ndi manja awiri. "Mwana wanu sanaphonye ngakhale limodzi. Ena aja timachita kuwakoka ngati ng'ombe yokana goli, koma uyu amayankha funso lisanathe. Malemu aphunzitsi akanakhalapo akananyadira. Mwalera, mama." NyaHarawa anati yewo, nayang'ana pansi. Mumtima mwake munabadwa kachiyembekezo kopusa: mwina akadya mgonero, china chake chidzagwira mwanayo pomwe iye walephera kugwira.

Loweruka masana anaika makala mu simbi n'kuyamba kusita bulauzi yoyera ija patebulo. Mtende anakhala pafupi ndi khomo akusankha mpunga. M'nyumba munali zii, kupatula kulira kwa simbi pa nsalu yonyowa. NyaHarawa anasita kolala, anasita mkono umodzi. Kenaka, maso ali pa nsalu, osayang'ana mwana, analankhula.

"Munthu uja ali ndi mkazi."

Manja a Mtende anaima m'lichero.

"Ndikudziwa, amama."

"Ali ndi ana atatu."

"Ndikudziwa."

"Nanga ukufuna chiyani kwa iye? Mwananga, mwamuna akayamba ndi kukunyamula panjinga, mawa sopo, mkuja foni, sikuti..." Mawu amene anawanena kwa atsikana zana anayamba kutuluka okha, olongosoka, aliwonse pamalo pake. Analankhula nthawi yaitali. Manyazi anamutentha nkhope koma sanaime. Atamaliza anadzutsa maso, napeza mwana wake akumuyang'ana modabwa, ngati munthu amene wamva chinenero cha kwawo m'dziko la eni.

"Ndiye zimenezi ndi zimene munkawauza anzanga?" anatero Mtende. "Mnzanga Caroline ankati mayi ako amadziwa zonse, uli ndi mwayi. Ine ndinkangovomera. Ndikanati chiyani? Iwo akamalowa, ine ndinkapita kumjigo."

"Amayi a Umanyano aja sanakuuze?"

"Anati ndizisamba kawiri pa tsiku, ndizigwada popereka madzi, ndisamasewere ndi anyamata. Raphael si mnyamata, amama. Ndipo sankasewera. Ankandifunsa za sukulu, ankamvetsera ndikamalankhula." Anaweramitsa mutu. "Ndili ndi pakati. Mwezi uno ndi wachitatu."

NyaHarawa anaimika simbi pa njerwa. Anafuna kukhala pansi koma mpando unali kutali.

"Mawa udye mgonero kaye," anatero, ndipo anadzimva yekha kuti akupempha chinthu cholakwika. "Palibe akudziwa. Zinazo tiona pambuyo."

"Ayi, amama." Mtende ananena mofatsa, mopanda mwano. "Mafunso ndinayankha chifukwa ndinaopa kukuchititsani manyazi pamaso pa a Chavula. Koma pagome paja sindingapite. Munandiphunzitsa nokha za munthu wodya mkate uja mosayenera. Anthu ndawanamiza, koma Mulungu sindimunamiza."

Mayi anayang'ana mwana wake. Zonse zimene anabzala m'mawa uliwonse kwa zaka khumi ndi ziwiri zinali momwemo, zamoyo, zolimba kuposa za iye mwini. Zinangosowa chinthu chimodzi chaching'ono, chimene iye ankagawira ana a eni ulere Loweruka lililonse.

Lamulungu NyaHarawa anavala zoyera ndi zakuda n'kupita yekha. Mayina a ana a kalasi anaitanidwa limodzilimodzi. Pa dzina la Mtende Luhanga panakhala chete, mbusa anaitananso, kenaka anapitirira. Mitu ya amayi a Umanyano sinatembenuke, ndipo iye anadziwa kuti kusatembenukako ndi chifundo chawo. Mbale ya mkate itafika pa iye, anaipatsira mnzake osatengapo.

Atabwerera kunyumba anapeza pabwalo posesedwa, ndowa zonse zodzaza madzi, bulauzi yoyera itapindidwa pabedi. Chikwama cha Mtende panalibe. Pa fumbi la kuseri kwa chigafa panali mkwasa wa tayala limodzi.

Lachiwiri m'mawa kunabwera thenga, bambo wachikulire wa jekete lakuda, wotumidwa ndi akwawo kwa Raphael. Sanafike kwa NyaHarawa. Nkhani ya mwana wosompholedwa, wotengedwa popanda ukwati, imapita kwa eni mbumba. Anakhala pabwalo la mkulu wa a Luhanga, amuna pamipando, Lena pambali pawo monga ankhazi, ndipo ananena mawu amene amanenedwa: musafunefune kwina, mwana wanu ali kwathu. Anakambirana za chindapusa ndi za ng'ombe mpaka dzuwa kufika pamutu. NyaHarawa anakhala pamphasa chapatali, pamodzi ndi akazi ena okwatiwa pamudzipo. Palibe anamufunsa kanthu. Mwambo sumufunsa mayi.

Ulangizi anausiya yekha, asanauzidwe. Anapita kwa mkulu wa amayi n'kunena kuti apume kaye. Mayiyo analira, nati, "Tikanadziwa, tsiku lija tikanakhalitsa." NyaHarawa anati palibe mlandu.

Mayi sapita kumene mwana wake wasompholedwera nkhani isanathe, ndipo nkhani za ng'ombe sizithamanga. Wololedwa kupita ndi ankhazi. Mu Ogasiti, mphepo ya fumbi itayamba, Lena anabwera m'mawa atavala nsapato zake za pa maliro, nati akukwera galimoto ya ku Thazima kukaona mwana.

"Ndimutengere chiyani?"

NyaHarawa anatulutsa kathumba ka mtedza, Baibulo la Elliot, ndi chitenje chija Lena anasiya pakhonde zaka zisanu zapitazo, chikadali chopinda mmene chinabwerera. Lena anachizindikira, nachiika m'chikwama.

"Ndikuperekezeni kumsewu," anatero NyaHarawa.

Ali m'njira anayamba kulankhula. Akamuuze kuti ayambe sikelo msanga, asadikire mimba kuonekera. Akamuuze kuti miyendo ikatupa kapena mutu ukamawawa osaleka, apite kuchipatala tsiku lomwelo, asamvere za mankhwala a mpongozi. Mkazi wamkulu asalimbane naye, koma asadyenso m'manja mwake mwachisawawa. Akayezetse magazi, iye ndi mwamunayo, ngakhale mwamunayo akane kangati. Mayunifolomu asataye, sukulu amabwerera ena atabereka. Ndipo akamuuze kuti mpingo umabweza munthu, kalasi ya obwerera ilipo, ngakhale kuti kwa mkazi wachiwiri njira yake ndi yaitali.

"Pang'onopang'ono, mlamu," anatero Lena. "Mutu wanga si kaundula. Theka ndiiwala ndisanafike pa mlatho."

"Nenani ndimve. Choyamba?"

"Sikelo."

"Chachiwiri?"

"Miyendo. Kodi mwandiyesa mwana wa kalasi?"

"Chachitatu?"

Galimoto inatulukira pakona, yodzaza matumba ndi anthu pamwamba pake. Lena anakwera movutikira, anthu akumukoka mikono. NyaHarawa anagwira chitsulo cha m'mbali, akuyenda nayo pamene inayamba kusuntha.

"Mukamuuzenso kuti..."

"Kuti chiyani? Nenani msanga."

Koma injini inalira, fumbi linakwera, ndipo dzanja lake linasiya chitsulo. Anaima pamsewu mpaka fumbilo litakhazikika pa mpango wake ndi pa nsidze zake. Kenaka anatembenuka kubwerera kumudzi. Aka kanali koyamba kuti anthu a kwa Luhanga amuone NyaHarawa akuyenda pang'onopang'ono.